Kuphunzitsa kwaya nyimbo ya Mozart: yambani ndi pensulo

Kwaya iliyonse imene ndaphunzitsapo kuno ku Mangochi imafuna kolasi ya Hallelujah ya Handel. Sindiwanena ayi. Nyimbo imene ija imabwera ngati mwera wa mu Julayi, ndipo ngakhale munthu amene anabwera kudzagona m'tchalitchi amadzuka. Handel analemba Messiah yonse, mmene muli kolasiyo, m'masiku 24 okha mu 1741. Koma phokoso limakwirira zambiri. Tena akasochera pakati pa kolasi ija, amangotsegula pakamwa kudikira pamene anzake atulukire, ndipo palibe amadziwa. N'chifukwa chake kwaya ikandipempha nyimbo ya akatswiri akale a ku Ulaya, ndimayamba ndi ina yaifupi, Ave verum corpus ya Mozart. Ili ndi mabala 46 basi (ndikati bala ndikunena kachigawo ka pakati pa mizere iwiri yoimirira, osati komwera mowa), imatha m'mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono, ndipo mulibe pobisala. Njira imene ndifotokoze pano mukhoza kuitengera ku nyimbo ina iliyonse ya mawu anayi.

Poyamba, musanaitane munthu aliyense, dziwani amene analemba nyimboyo ndi amene ankawalembera. Mozart anabadwira ku Salzburg mu 1756. Nyimbo iyi anaimaliza pa 17 Juni 1791 ku Baden, tauni yaing'ono ya akasupe a madzi otentha kummwera kwa Vienna, kumene mkazi wake Constanze, ali woyembekezera, ankapuma. Anailembera mnzake Anton Stoll, mphunzitsi wa sukulu amenenso ankatsogolera kwaya ya parishi ya kumeneko, kuti iimbidwe pa chaka cha Ukaristia. Pasanathe miyezi 6, pa 5 Disembala, Mozart anamwalira ali ndi zaka 35. Ambiri amakonda mbali ya imfayi, n'kumaimba nyimboyo ngati ali pamaliro ake. Ine chimene chimandithandiza ndi china: sinalembedwere oimba a kunyumba ya mfumu. Inalembedwera kwaya ya parishi ya kunja kwa mzinda, anthu onga ife tomwe. Palibe noti yokwera mopweteka pakhosi, palibe pothamanga. Kuvuta kwake kuli kwina.

Chachiwiri, lembani tanthauzo la mawu m'Chichewa pansi pa Chilatini, mzere ndi mzere. Ave ndi "tikuoneni" yemwe uja wa m'pemphero la Maria. Mawu onse akuti: tikuoneni thupi lenileni, lobadwa mwa Maria Virigo, lozunzika ndithu, loperekedwa nsembe pamtanda chifukwa cha munthu, m'nthiti mwake molasidwa munatuluka madzi ndi magazi, mukhale chakudya chathu cholawiratu pa mayeso a imfa. Musadumphe ntchito imeneyi. Mukafika pa pensulo muona kuti pamene mawu alasa, manotsi alasanso pomwepo.

Tsopano tengani pensulo. Apa mpamene ndikhalitse, chifukwa apa mpamene aphunzitsi ambiri timathawa. Timamvera nyimbo pa foni kakhumi, n'kuiloweza, n'kupita kukaithira m'makutu mwa anthu monga mmene tinaimvera. Ikafika povuta timangoti "bwerezani", osadziwa chimene chikuwagwetsa.

Werengani mabala, mulembe manambala ake pamwamba. Kenako dulani nyimboyo pamene ikupumira. Mabala awiri oyamba ndi a zoimbira zokha. Kuyambira bala 3 mpaka 10 kwaya ikulonjera thupi lobadwa mwa Maria. Kuyambira 11 mpaka 18 ndi mazunzo ndi mtanda. Zoimbira zimatsala zokha mpaka 21. Kuyambira 22 mpaka 29 ndi nthiti yolasidwa. Kuyambira 30 ndi pempho lija, ndipo mawu a mayeso a imfa amabwerezedwa mpaka 43, zoimbira n'kutseka. Mwaona kuti zigawo zambiri ndi za mabala 8. Kwaya yanu siphunzira mabala 46, iphunzira tinyimbo tisanu tating'ono.

Mukadula, funsani funso limodzi pa chigawo chilichonse: do ali pati? Ambiri a ife tinakulira solofa, njira ya do re mi imene Sarah Glover anayambitsa ku Norwich, John Curwen n'kuifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840, amishoni n'kudzafika nayo kuno. Ena amainyoza kuti ndi ya osadziwa manotsi a pamizere isanu. Ine ndimawerenga zonse ziwiri, ndipo ndikuuzeni kuti pofuna kumvetsa kumene nyimbo ikulowera, solofa ndi mpeni wakuthwa, chifukwa imakukakamizani kunena kumene kuli kwawo kwa nyimboyo nthawi iliyonse.

Nyimbo yathuyi kwawo ndi ku kiyi ya D, kutanthauza kuti do ali pa noti ya D. Tsono tsatirani noti imodzi yokha, A. Pachiyambi A ndi so, ndipo sopulano amayambira pomwepo: so, do wapamwamba, mi, so, fe (fa wokwezedwa theka la sitepe), fa. Pofika pa mtanda, nyimbo yasamukira ku A, ndiye noti yomwe ija tsopano ndi do. Pa bala 22 sopulano amayambanso pa A, akuganiza kuti ali pakhomo. Koma pansi pawo mawu enawo amasuntha mwakachetechete, ndipo pofika pa bala 25, pa mawu akuti perforatum, kulasidwa kuja, tapezeka tili ku F, dziko lachilendo, kumene A ndi mi. Chigawocho chikamatha, pa magazi, timaima pakhomo lobwerera ku D, ndipo A wakhalanso so. Noti imodzi, maina atatu. Ndimawauza oimba anga kuti ili ngati bambo mmodzi amene kwawo ndi mwinimbumba, akalankhula onse amakhala chete; kwa mkazi wake ndi mkamwini, amayenda chowerama; kunyanja ndi msodzi wamba wokoka nawo khoka. Munthu ndi yemweyo, koma mayendedwe amasintha malinga ndi mudzi umene walowa.

Phindu lake nali. Mukalemba bala 22 mpaka 25 m'solofa ya D, pepala lidzadzala timanotsi topindika timene oimba amachita nato mantha. Koma mukalemba pamwamba pa A uja kuti "do asanduka mi", mzere wa sopulano umangokhala mi, fa, fa, kenako fa, la, so, fa, kenako fa, mi, mi. Mwana wa Sande sukulu akhoza kuimba zimenezo. Chitani chimodzimodzi ndi aluto, tena ndi besi: pezani noti imene aliyense awolokere, muilembe maina awiri, lakale ndi latsopano. Ntchito imeneyi imanditengera madzulo amodzi, ndipo imandipulumutsa milungu iwiri yokalipa.

Pensulo isanapume, zungulizani malo ena atatu. Pa mawu akuti in cruce, "pamtanda", sopulano amalumpha okha kupita m'mwamba anzawo asanalowe, ngati munthu wokweza mtanda. Pa bala 30, sopulano ndi aluto amatsogola, tena ndi besi n'kulowa patapita bala imodzi akubwereza zomwezo, magulu awiriwo n'kumakwera motsatana. Ndipo chakumapeto, pa in mortis yachiwiri, pamene mawu a mayeso a imfa akubwerezedwa, sopulano amalumphanso okha monga anachitira pa mtanda paja, kenako n'kukwera pang'onopang'ono kufika pa E, noti yapamwamba kwambiri m'nyimbo yonse. Mozart wamangiriza mtanda wa Yesu ndi imfa ya woimbayo ndi chingwe chimodzi. Woimba akadziwa zimenezi saimbanso malo awiriwo mwachisawawa.

Ndipatuke pang'ono. Anthu amandifunsa kuti wamkulu ndani pakati pa Bach, Handel ndi Mozart. Awiri oyambawo anabadwa chaka chimodzi, 1685, m'dziko limodzi la Germany, koma sanakumanepo. Handel ndi mlaliki wa pamsika, amadziwa pamene anthu atembenukire. Bach, amene kuyambira 1723 ankaphunzitsa anyamata a kwaya ku Leipzig, ndi msoki wa ukonde: mukadula ulusi umodzi, diso lonse lamasuka. Mozart amakunamizani kuti palibe chimene wachita. Ndikadafunsidwa woti ndikhale naye pachilumba cha Boadzulu ndekha, ndikadatenga Bach. Koma wophunzitsira kwaya kumvetserana, ndimatenga Mozart.

Mwakonzeka, itanani anthu. Pa pulakatisi yoyamba musagawe mapepala msanga. Awerengereni Chichewa chija, kenako muwaimbire nyimbo yonse pa kiyibodi kamodzi, osalankhula. Mukatero yambani ndi bala 22, osati bala 3. Chiyambi n'chokoma, adzachigwira okha. Povuta paphunzitsidwe anthu akadali ndi mphamvu, dzuwa lisanapendeke, amayi asanayambe kuyang'ana kukhomo poganiza za ndiwo ndi kabaza wobwerera.

Yambani ndi besi, kenako aluto, tena, sopulano pomalizira. Sopulano akaphunzira poyamba, ena onse amakokeredwa ku mzere wawo, makamaka ife amene tinazolowera kupeka tokha mawu achiwiri ndi achitatu pongomva woyambitsa. Luso limenelo ndi chuma chathu, ndipo pa nyimbo zathu sindilola kuti munthu alipondereze. Koma pano limasocheretsa, chifukwa khutu limauza aluto kuti "tsata pansi pa sopulano", pamene Mozart walemba kuti aime pomwepo kapena atsike theka la sitepe. Gulu lililonse liimbe solofa mpaka litakhazikika, kenako liimbe pa "lu" yekha, mawu a Chilatini abwere pambuyo. Phatikizani awiriawiri: besi ndi sopulano, aluto ndi tena, besi ndi tena. Onse anayi pamodzi ndi ntchito ya pulakatisi yachitatu kapena yachinayi.

Za katchulidwe, tili ndi mwayi. Chilatini cha m'tchalitchi chili ndi a, e, i, o, u omveka monga athu omwewa, ndiye Mmalawi amachitchula bwino kuposa Mngelezi. Zokonza ndi zochepa. Cruce ndi "kru-che", virgine ndi "vir-ji-ne", cujus ndi "ku-yus", h wa homine satchulidwa, ndipo ae wa praegustatum ndi e wamba. Misampha yeniyeni ndi itatu. Woyamba, timakonda kulowetsa mavawelo pakati pa zilembo, corpus n'kusanduka "kolopusi", ndipo noti imodzi yabala ana awiri. Wachiwiri ndi l ndi r, amene kwa ife ndi pachibale: verum isakhale "velumu". Wachitatu ndi wobisika. Pa Chichewa timatsamira pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, monga mu "nyánja" kapena "usípa". Koma virgine, homine, sanguine ndi examine amatsamira pa yachitatu kuchokera kumapeto: VIR-gi-ne, HO-mi-ne, SAN-gui-ne, e-XA-mi-ne. Mawu anayi amenewa ndi amene amatseka zigawo za nyimboyi. Silabo yomaliza, "ne", ikhale yopepuka, yongotera. Kwaya ikaimenya, chiganizo chonse chimagwa ngati thumba la chimanga lotsitsidwa pa lole.

Manotsi ndi mawu zikakhala m'malo, yatsala ntchito imene imatenga nthawi yaitali kuposa zonse: kuimba motsitsa. Pa nyimbo yonseyi Mozart analemba langizo limodzi lokha la kukula kwa mawu, pachiyambi penipeni: sotto voce, kutanthauza ndi mawu apansipansi. Mapepala ena amene mungapeze ali ndi zizindikiro zambiri zokweza ndi kutsitsa. Zimenezo anawonjezera ndi osindikiza a pambuyo pake. Zina n'zanzeru, koma dziwani kuti si za mwini wake.

Vuto ndi lakuti ukauza kwaya yathu kuti itsitse mawu, imatsitsanso kiyi ndi liwiro. Mayi wina wa aluto, amene amagulitsa usipa wouma pamsika ndipo mawu ake amamveka kutsidya kwa mlatho, anandiuza tsiku lina kuti, "Aphunzitsi, ine ndikaimba chonong'ona ndimamva ngati ndikudwala." Ndinawafunsa mmene amaimbira akamagoneka mdzukulu kumbuyo. Anaseka, n'kuyamba kung'ung'udza pomwepo, mawu odzaza, ofunda, osagwedera, koma oti sangadzutse khanda. Ndinati, "Mayi, sotto voce ndi imeneyo." Kunong'ona kumataya mpweya. Chimene tikufuna ndi mpweya wochuluka m'mimba, wotuluka pang'onopang'ono, pakamwa potseguka monga mwa masiku onse.

Pofuna kuti kiyi isatsike, yang'anirani so, fe, fa wa sopulano pa bala 4. Masitepe otsika amenewo ndi atheka, ndipo oimba amawaponda motalikitsa. Pofika pa fa atsika kale pang'ono, ena onse n'kuwatsatira. Lamulo limene ndimawapatsa ndi ili: potsika ponda pafupi, pokwera ponda patali. Yesani motere: apatseni D, aimbe chigawo chonse popanda kiyibodi, pomaliza muimbe noti imene akuyenera kukhalapo. Jambulani pa foni kuti adzimvere okha. Munthu satsutsana ndi mawu ake omwe.

Liwiro lalembedwa kuti Adagio, modekha, koma chizindikiro cha nthawi ndi chija cha C wodulidwa pakati, kutanthauza kuti mugunde kawiri pa bala, osati kanayi. Mukagunda kanayi nyimbo imayenda ngati anthu onyamula bokosi. Ganizani za wopalasa bwato m'mawa pa Shire madzi ali bata: amaviika nkhafi kamodzi, bwato n'kuyenda lokha, kenako n'kuviikanso. Dzanja lanu lichite zomwezo. Pa mizere yaitali, monga in mortis yomaliza, agawireni popumira: awa apume apa, awo apume patsogolo, aliyense atuluke ndi kulowanso mobera, kuti womvera asamve pamene padukira.

Woimba kiyibodi mukhale naye padera tsiku limodzi. Mozart analembera mavayolini, viola, zoimbira za besi ndi limba, ndiye sankhani liwu la limba lofewa kapena la zingwe, ndipo ng'oma za m'kiyibodi zizimitsidwe. Ndikudziwa kuti achinyamata ena dzanja limawayabwa. Aimbe zimene zalembedwa, asadzazemo makodi awoawo, makamaka pa bala 22 mpaka 29 pamene noti imodzi yolakwika imatseka njira yopita ku F. Ndipo phunzitsani kwaya kuima payokha magetsi atazima. Khalani ndi kachitoliro kopatsira kiyi kapena foni yokhala ndi D wokonzeka.

Pa batani la transpose, lija lokweza kapena kutsitsa kiyi ya kiyibodi yonse, ndili ndi chipsera. Chaka china tinaitanidwa kukaimba ku tchalitchi china cha m'mbali mwa nyanja, njira ya ku Monkey Bay. Tinagwiritsa ntchito kiyibodi ya eni malo, imene kwaya ya achinyamata inali itangoimbira. Sindinayang'ane kagalasi kake. Mabala awiri oyamba atalira ndinamva kuti china chake chasintha, koma dzanja linali litakwera kale. Kiyibodi inali itakwezedwa masitepe atatu atheka. E wa sopulano uja anasanduka G, ndipo amayi anga, amene ndinawaphunzitsa miyezi iwiri kuimba motsitsa, analibe kuchitira mwina koma kukuwa. Potuluka mkulu wina wa mpingo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, koma ndiye muli ndi mawu amphamvu." Ndinangoti zikomo. Kuyambira tsiku limenelo ndimazimitsa kiyibodi ndi kuiyatsanso ndekha, n'kuyerekeza D wake ndi wa pa foni.

Ngati mukukonzekera chaka cha Ukaristia, kumbukirani kuti chimagwa kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, nthawi imene mwera wayamba ndipo theka la kwaya lili ndi chimfine. Yambani Pasaka akangodutsa. Musadalire munthu mmodzi pa gulu lililonse. Tena wanu wodalirika ndi amene adzasase mawu Loweruka. Ngati tchalitchi chanu chayandikana ndi mzikiti, monga zilili m'malo ambiri kuno, dziwani nthawi ya azana ndipo muikepo mpumulo wa pulakatisi. Nyimbo yofewa chonchi singapikisane ndi chimkuzamawu, ndipo kudikira mphindi zochepa ndi ulemu kwa anansi.

Pulakatisi yomaliza ichitikire m'tchalitchi momwemo, aliyense ataima pamene adzaime. Nyumba ya malata yopanda siling'i imabweza mawu mochedwa ikakhala yopanda anthu, ndipo ikadzaza imawameza. Tumani munthu wa khutu labwino akakhale kubenchi lakumbuyo akuuzeni ngati aluto akumveka. Ine ndimaika besi kumbuyo kwa sopulano, tena kumbuyo kwa aluto, mizere yopindika ngati uta kuti amvane. Maikolofoni, ngati n'kotheka, asiyeni. Akakhalapo, akhale patali ndi pakamwa, asatole munthu mmodzi.

Tsiku lenilenilo, kumanani msanga, mung'ung'udze limodzi, muimbe bala 22 mpaka 30 kamodzi, basi. Musakonzenso kanthu; chimene sichinapse dzulo sichipsa lero. Amwe madzi, osati ozizira kwambiri. Mukaima kutsogolo, dikirani mpaka ana atakhala pansi ndi mabenchi atasiya kulira. Pumani limodzi ndi kwaya pa kugunda komaliza kwa bala 2, chifukwa akaona phewa lanu likukwera adzalowa pamodzi popanda kuwaloza. Wina akalakwitsa musamuyang'ane, nkhope yanu ndi imene imauza mpingo kuti pachitika ngozi.

Kwaya imamaliza pa bala 43, koma nyimbo imatha pa 46. Awuzeniretu kuti mabala atatu otsalawo ndi awonso: asatseke mafayilo, asakonze chitenje, asayang'ane kumene akakhale. Inu dzanja likhalebe m'mwamba mpaka D womaliza wa kiyibodi atazimirira pansi pa malata, muwerenge mumtima kawiri, kenako mulitsitse pang'onopang'ono.